Motoka ya liwilo isasanduke ngolo yonyamula batile

Kampani iliyonse yopanga mamotoka a liwilo masiku ano ili ndi liu limodzi pakamwa: hybrid. Ferrari, Lamborghini, McLaren, Porsche, BMW ndi Mercedes-AMG onse atiuza kuti motoka yothamanga ya mawa idzayenda ndi injini ya petulo pamodzi ndi mota ya magetsi. Okonda mamotoka agawikana pawili. Ena ali pa malilo, ati magetsi abwela kudzapha phokoso la injini ndi cisangalalo conse. Ena amaomba m'manja akangoona liu limeneli litamatidwa kumbuyo kwa motoka, ati citukuko n'cimeneci. Magulu onse awili amandidabwitsa, cifukwa amakamba ngati kuti hybrid ndi cinthu cimodzi.

Pansi pa dzina limodzili pali mitundu iwili ya mamotoka. Mtundu woyamba uli ndi kabatile kakang'ono kamene kamadzala kokha motoka ikamayenda, ndipo nchito yake ndi kuthandiza injini pamene yafooka. Mtundu waciwili uli ndi cibatile colemela makilo mazana, cofunika kuchaja pa soketi, ndipo nchito yake yeni-yeni ndi kukondweletsa oyesa utsi a ku Europe. Woyambawo ndiulandila ndi manja awili. Waciwiliwo ndiukana, ndipo nditsutsa aliyense amene afuna kutinamiza kuti umenewo ndiye tsogolo la motoka ya liwilo.

Ndiyambe ndi anzanga a pa malilo, cifukwa iwonso alakwitsa. Motoka ikamathamanga imakhala itasenza mphamvu yoculuka imene yacokela ku mafuta. Mukaponda buleki, mphamvu yonseyo imasanduka kutentha n'kupita ndi mphepo. Mota ya magetsi ingathe kugwila nchito ngati jeneleta pa nthawi imeneyo: imathandiza kuimitsa motoka, kwinaku ikutola mphamvu imene sembe yatayika n'kuisunga mu batile. Mukatuluka pakona n'kupondanso mafuta, mphamvu ija imabwelela ku mawilo. Cina n'cakuti injini ya petulo imafuna kuzungulila kwambili kuti ikoke bwino, ndipo turbo imayembekezela utsi wokwanila isanayambe kukankha. Mota ya magetsi siyembekezela ciliconse, imakoka nthawi yomweyo. Conco ziwilizi zikagwilizana, cina cimatseka pamene cinzake caboweka.

Zimenezi zinaoneka kale pa mipikisano. Formula 1 inayamba kutola mphamvu ya mabuleki mu 2009, ndipo kucokela mu 2014 mamotoka ake onse ali ndi injini ya V6 ya malita 1.6 yothandizidwa ndi magetsi. Ku Le Mans, pa mpikisano wa maola 24, Audi R18 e-tron quattro inakhala hybrid yoyamba kupambana mu 2012. Porsche 919 Hybrid inapambana mu 2015, 2016 ndi 2017, Toyota inatenga zaka zisanu zotsatila, ndipo Ferrari 499P inayamba kupambana mu 2023. Pa msewu wamba, caka ca 2013 cinatulutsa LaFerrari, McLaren P1 ndi Porsche 918 Spyder. Caka comweco 918 Spyder inazungulila Nürburgring, msewu wovuta wa makilomita oposa 20 ku Germany, pa mamineti 6 ndi masekondi 57. Amene akali kukamba kuti magetsi amapha liwilo akutsutsana ndi wochi.

Koma walila mvula walila matope. Batile ili ndi vuto limodzi limene palibe wotsatsa malonda angalifafanize, ndilo kulemela. Kilo imodzi ya petulo imasunga mphamvu pafupifupi 12 kWh. Kilo imodzi ya batile ya lithium imene ili mu motoka siifika ngakhale 0.3 kWh. N'zoona kuti injini imataya mphamvu yoposa hafu ya petulo ija monga kutentha, pamene mota ya magetsi imataya yocepa kwambili. Olo n'telo, kusiyana kukali kwakukulu. Ndipo thanki ya petulo imapepuka mukamayenda, koma batile imalemela cimodzi-modzi kaya yadzala kaya yatha.

Onani zimene zacitikila BMW M5, motoka imene kwa zaka zambili inali citsanzo ca motoka ya banja yothamanga ngati ya mpikisano. Imene inatuluka mu 2024 ili ndi V8 ya malita 4.4, mota ya magetsi, batile ya 18.6 kWh ndi horsepower 727. Imalemela makilo 2,435. Yapambana imene inalipo m'mbuyomu ndi makilo pafupifupi 500, kutanthauza matumba 20 a unga a makilo 25, amene simungawatsitse olo tsiku limodzi. Zotulukapo zake n'zocititsa manyazi: kucoka pamene yaima kufika pa makilomita 100 pa ola, yatsopanoyi imatenga masekondi 3.5, pamene M5 Competition yakale, ya mphamvu yocepelapo ndi horsepower 100, inali kutenga masekondi 3.3. Anawonjezela mphamvu yonseyo kuti motoka inyamule katundu amene iwo eni anaisenzetsa.

Mercedes-AMG inacita zofanana ndi C63. Inacotsa V8 imene anthu anali kuikonda, n'kuikamo injini ya masilinda anayi ya malita 2.0, mota ya magetsi ndi batile kumbuyo. Pa pepala inafika horsepower 680. Pa sikelo inapitilila matani awili. Pa magetsi okha imayenda makilomita 13 cabe. Ambili amene anali kukonda C63 yakale anaifulatila. Lamborghini Revuelto ya 2023, yokhala ndi V12, mamota atatu ndi horsepower 1,015, nayonso yalemela kuposa Aventador imene inailowa m'malo ndi makilo pafupifupi 200.

Wina angafunse kuti, kodi kulemela kuli ndi vuto lanji ngati mphamvu ilipo? Funsani munthu amene amatsika phili ndi njinga yodzala matumba a makala. Pa msewu wowongoka amathamanga kuposa mnzake wopanda katundu. Vuto limayamba m'munsi mwa phili, pamene msewu wakhota. Katunduyo safuna kukhota, afuna kupitiliza kumene anali kulowela, ndipo mabuleki amene anali kugwila bwino ayamba kununkha. Motoka nayo n'cimodzi-modzi. Horsepower imabisa kulemela pa msewu wowongoka cabe. Pakona ndi poima, ciliconse cimadalila tumalo tunayi pamene matayala akhudza phula, kalikonse kosaposa cikhatho ca munthu wamkulu. Mukawonjezela katundu, tayala imagwila kwambili ndithu, koma siiwonjezela kugwila kwake molingana ndi katunduyo. Ndiye opanga amaika matayala aakulu, mabuleki aakulu, zitsulo zolimba, makompyuta owongolela mawilo akumbuyo, ndipo zonsezi zimabweletsa makilo enanso. Motoka ya liwilo inapangidwa kuti izimvela dzanja la woyendetsa. Ikafika pa matani awili ndi hafu, amene akuiyendetsa kweni-kweni ndi kompyuta imene ikulimbana ndi katundu.

Nanga mainjiniya a ku Munich ndi ku Affalterbach sadziwa zimenezi? Adziwa kuposa ine ndi inu. Cimene cawakakamiza ndi lamulo ndi ndalama. Ku European Union, kucokela mu 2021, mamotoka atsopano amene makampani amagulitsa anafunika kutulutsa carbon dioxide yosapitilila magalamu 95 pa kilomita, akawaphatikiza onse pamodzi, ndipo malile amenewa akutsikila-tsikila. Kampani ikapitilila malile ake, imalipila ma euro 95 pa galamu iliyonse, pa motoka iliyonse imene yagulitsa. Kampani yogulitsa mamotoka 1 miliyoni ikapitilila ndi galamu imodzi cabe, yataya ma euro 95 miliyoni. Mu 2023 anavomelezanso lamulo lakuti pofika 2035 mamotoka atsopano asamatulutse utsi umenewu, ndipo makampani akhala akulimbana nalo kucokela nthawi imeneyo.

Apa m'pamene batile yaikulu imapindulitsa kampani. Pa mayeso ochedwa WLTP, motoka ya pulagi imayamba batile ili yodzala, ndipo owelengela amatenga ngati kuti mwini wake aziyenda maulendo ambili pa magetsi okha. Ndiye cifukwa cake M5 ija itatuluka, pepala lake linaonetsa kuti imamwa malita osakwana awili pa makilomita 100. V8 ya ma turbo awili, yolemela ngati kalole, ati imamwa pang'ono kuposa Toyota Aqua! Cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyelele. Mu March 2024, European Commission inatulutsa lipoti locokela ku timakina towelenga mafuta tumene tuli m'mamotoka eni-eni a anthu. Linaonetsa kuti mamotoka a pulagi anali kutulutsa carbon dioxide yoculuka kuwilikiza katatu ndi hafu kuposa zimene mayeso anaonetsa. Cifukwa cake n'cosavuta kumva: anthu ambili sachaja kawili-kawili monga mmene mayeso amaganizila. Amayenda pa petulo, atanyamula batile yopanda kanthu. European Union yokha inaona zimenezi, ndipo mu 2025 inayamba kusintha kawelengedwe kake.

Njila ina ilipo, ndipo ili kale pa msewu. Mu 2024 Porsche inatulutsa 911 GTS ya hybrid. Batile yake ndi ya 1.9 kWh cabe, ilibe pulagi, ndipo siilonjeza kuyenda pa magetsi okha. Mota imodzi anaiika mu giyabokosi, ina yaing'ono anaiika m'kati mwa turbo kuti iziizungulitsa utsi usanakwane. Utsi ukaculuka, mota yomweyo imasanduka jeneleta n'kudzaza batile. Motoka yonse inawonjezela makilo pafupifupi 50, thumba limodzi la feteleza, ndipo inafika horsepower 541. Ku America, Chevrolet Corvette E-Ray ili ndi V8 kumbuyo, mota ya magetsi yoyendetsa mawilo akutsogolo, ndi batile ya 1.9 kWh yopanda pulagi. Mamotoka awiliwa sanama. Magetsi alimo kuti motoka ithamange ndi kumvela bwino, ndipo eni ake sakunamizila kuti apulumutsa dziko.

Ngakhale a mipikisano ayamba kuwelengela makilo mwatsopano. World Rally Championship, imene imafika ku Kenya pa Safari Rally, inaika hybrid m'mamotoka ake apamwamba mu 2022, koma inaicotsa pofika 2025 cifukwa ca kudula kwa kuikonza. Kulemela kocepetsetsa kololedwa kunatsika kucoka pa makilo 1,260 kufika pa 1,180. Mu Formula 1, motoka pamodzi ndi woyendetsa inali makilo 642 mu 2013, koma pofika 2022 inali 798. Zina mwa zimenezi zinabwela ndi zida zotetezela woyendetsa ndi mawilo aakulu, koma hybrid inalinso ndi gawo lake, ndipo madilaiva akhala akudandaula kuti mamotoka alemela. Malamulo a 2026 anakweza mphamvu ya mota ya magetsi kufika pa 350 kW, pafupifupi hafu ya mphamvu yonse, koma panthawi imodzi-modziyo anatsitsa kulemela kufika pa makilo 768. Ndipo Gordon Murray, injiniya wobadwila ku Durban amene anapanga McLaren F1, anatulutsa T.50 ya V12 yosafika tani imodzi. Anthu amene amadyela pa liwilo adziwa kuti mdani wao ndi sikelo.

Otsutsa ali ndi mayankho, ndipo tiyenela kuwamvela. Loyamba n'lakuti motoka ya pulagi ingalowe m'tauni mwakacetecete, popanda utsi. N'zoona kwa amene amachaja usiku uliwonse n'kuyenda ulendo waufupi. Kwa munthu wotelo, motoka wamba ya pulagi kapena ya magetsi okha ndi yabwino, ndipo ine sindilimbana nayo. Koma Ferrari SF90 Stradale ya horsepower 1,000 imayenda makilomita 25 cabe pa magetsi. Palibe amene amagula motoka yotelo kuti aziyenda mwakacetecete kukagula buledi. Ngati colinga ndi kucepetsa utsi m'tauni, batile imeneyo yaikidwa mu motoka yolakwika.

Laciwili n'lakuti mabatile adzapepuka. Toyota yakhala ikukamba kuti idzatulutsa mabatile a mtundu watsopano, ochedwa solid-state, ca m'ma 2027 kapena 2028. Akadzabwela tidzakambilananso. Koma amene akugula motoka lelo akulipila makilo a lelo, ndipo lonjezo la mawa siliimitsa motoka pakona.

Lacitatu n'lakuti alipo mamotoka a hybrid amene sanalemele. McLaren W1 ya 2024 ili ndi horsepower 1,275 ndipo imalemela makilo 1,399 ilibe mafuta. Bugatti Tourbillon, ya V16 ndi mamota atatu, siinalemele kuposa Chiron imene inailowa m'malo. Izi n'zoona, koma onani mmene anazicitila. W1 ili ndi kabatile kakang'ono kwambili, cimene ndi mfundo yanga yomwe ija. Tourbillon inabweza makilo a batile mwa kupepula mbali zina ndi zipangizo zodula, pa mtengo wa mamiliyoni a ma euro. W1 adzapanga 399 cabe, Ferrari F80 adzapanga 799. Zimene zitheka pa motoka ya anthu mazana ocepa sizitheka pa motoka yopangidwa masauzande ambili caka ciliconse. Kumeneko makilo amatsala momwemo.

Mwina wina afunsa kuti ife kuno ku Zambia zitikhudza bwanji, popeza ambili a ife sitidzaiona Revuelto ndi maso. Zitikhudza m'njila ziwili. Yoyamba n'yakuti zimene Europe ndi Japan apanga lelo, ife timazilandila patapita zaka khumi kapena kuposelapo, kudzela pa Nakonde ndi pa Chirundu. Toyota Prius inayamba kugulitsidwa ku Japan mu 1997, ndipo lelo Aqua, Prius ndi Honda Fit za hybrid zadzala mu Lusaka. Zimenezi zatikomela cifukwa ndi zopepuka, sizifuna pulagi, zimamwa pang'ono, ndipo makanika athu aphunzila kuzigwila. Lomba ganizilani motoka ya matani awili ndi hafu, ya matayala opyapyala, ikadzafika kuno batile yake itakalamba. Idzakumana ndi maenje ndi mahampu athu. Idzafuna kuchaja m'dziko limene mu 2024, madzi atacepa ku Kariba, nyumba zinali kukhala maola ambili-mbili pa tsiku popanda malaiti. Mnyamata wa pa galaji adzapezamo mawaya a olenji onyamula mavolti mazana, amene angaphe munthu wosaphunzitsidwa. Amene adzaigula poganiza kuti wapeza mwayi adzakhala atagula vuto limene mwini woyamba anathawa.

Njila yaciwili ndi ya pansi pa nthaka. Motoka wamba ya petulo imafuna kopa pafupifupi makilo 20 kapena 25, ya pulagi imafuna pafupifupi 60, ya magetsi okha oposa 80. Kopa ameneyo ena amacokela ku Kansanshi, ku Lumwana, ku Kalumbila ndi ku Copperbelt, ndipo cobalt yoculuka ya pa dziko lonse imacokela kwa anansi athu ku Congo. Mu April 2022 maiko awiliwa anasainilana pangano ku Lusaka lakuti azigwilizana pa nchito yopanga mabatile. Ena adzati, ndiye tisangalale, batile ikakula msika wathu wakula. Ine ndikuti miyala imeneyi siibwela yaulele. Anthu a m'mbali mwa Kafue adziwa zimenezi kucokela mu February 2025, pamene damu la zinyalala za mgodi linagumuka pafupi ndi Chambishi, asidi n'kulowa mumtsinje. Ngati nthaka yathu ndi madzi athu zilipila mtengo wotelo, tili ndi ufulu wofunsa kuti zitsulozo zikagwila nchito yanji. Prius wamba ili ndi batile ya pafupifupi 1 kWh. Batile imodzi ya M5 ingakwanile mamotoka otelo oposa khumi, amene amayenda tsiku lililonse monga mataksi ndi mamotoka a mabanja, akupulumutsa mafuta eni-eni. Kuitsekela mu motoka ya munthu mmodzi kuti kampani ipewe faindi ndi kuwononga.

Ndiye tsogolo lili pati? Ine ndiona kuti hybrid idzakhalapo m'mamotoka a liwilo, ndipo iyenela kukhalapo. Ndiyo imene yapatsa V8 ndi V12 zaka zina za moyo. Koma mayeso a ku Europe akamayandikila coonadi, phindu la cibatile cacikulu lidzatha, ndipo makampani amene anamanga mamotoka ao pa pepala la mayeso adzatsala ndi makilo okha-okha. Amene adzapambana ndi aja amene aphunzila kucita zambili ndi batile yaing'ono: yodzala msanga, yokhuthula msanga, yobisika pansi pamene siisokoneza motoka.

Conco abale anga okonda mamotoka, kampani ikadzalengeza motoka ina ya horsepower 1,000, musathamangile kuomba m'manja, ndiponso musathamangile kulila malilo. Funsani zinthu zitatu. Imalemela makilo angati poyelekezela ndi imene yalowedwa m'malo? Batile yake imadzala yokha kapena iyembekezela soketi? Nanga batile ikatha, imamwa malita angati? Manambala amenewa amalembedwa m'tumalemba tung'ono-tung'ono pansi pa cithunzi, pamene horsepower imalembedwa pamwamba m'zilembo zikulu-zikulu. Yambani kuwelenga pansi.